Mabafa a Anastazia Satsekedwa

Turffontein, Joni
9 Malichi 2025

Okondedwa amake Betty,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana athu, Betty ndi Caleb. Ine kuno ndadzuka, chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita chokha. Kalatayi ndapatsira a Mateyo, dalaivala wa ku Chipata wa thiraki yoyera uja, poti adzera pa boda ya Mchinji. Musaseke kuti ndabwerera ku pepala ngati a nthawi ya Wenela. Kafoni kanu mumakatchaja ku golosale ya achimwene a Benedict, ndipo ndaona kuti uthenga uliwonse umene ndakutumizirani, iwo ndi akazi awo a Veronika amayamba kuudziwa inu musanauwerenge. Pepala silifuna magetsi a munthu.

Tsopano imvani nkhani yabwino. Mabafa anu ali pa mapu! Dalaivala aliyense amene watopa pa mzere wa boda, akangolemba pa foni kuti akufuna posamba, pakutuluka kapini kofiira, pansi pake mawu akuti: Mabafa a Anastazia, madzi otentha, sopo, kuchapa zovala. Ndi ntchito yomweyi imene ndikudyera kuno. Ndimazungulira m'mashopu ang'onoang'ono, m'masaluni, kwa matelala ndi owotcherera zitsulo, kuwajambula, kuwaika pa mapu, kulemba nthawi yotsegulira, kuyankha makasitomala akadandaula. Mwezi ukatha aliyense amandiponyera kangachepe. Ndiye ndinati, ine ndizikhalira kuonetsa mashopu a Aitopiya ndi Azimbabwe, mkazi wanga ali kuseri kwa chimanga osaoneka? Zosatheka.

Pa zithunzi anajambula a Mateyo zija ndaikapo zitatu: mgolo uli pamoto, zitseko zinayi za malata, ndi chingwe choyanikira zovala. Cha inu mutasenza ndowa chija sindinaike. Chimenecho ndi changa.

Mverani bwino apa. Ndalemba kuti mumatsegula mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, tsiku lililonse kupatula Lamulungu. Kukagwa maliro mukatseka, mundiflashe kawiri, ine ndilembe kuti lero kulibe. Munthu akabwera n'kupeza loko pachitseko amapsa mtima n'kupereka nyenyezi imodzi. Nyenyezizo ndi malikisi amene makasitomala amapereka, zisanu ndiye pamwamba, imodzi ndiye kukuphera msika.

Mu envulopu muli malandi 800. Mugule ngolo ya nkhuni ndi thumba la simenti, pansi pa bafa lachitatu paja poterera, wina adzathyoka msana. Betty mumugulire nsapato, ndamva akupita kusukulu ndi zong'ambika.

Ndine wanu,
Cyprian

Turffontein
13 Epulo 2025

Amake Betty,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaiwerenga nditaimirira chifukwa kukhala pansi ndinalephera.

Eti achimwene anabwera kudzakuuzani kuti mkazi wapabanja amaikira madzi kubafa mwamuna wake yekha? Kuti inu mukamatenthetsera madzi madalaivala ndiye kuti mwakwatiwa ndi boda yonse? Asa! Nanenso anandiimbira. Akuti, "Cyprian, kale manyaziwa anali a pamudzi, tsopano wawapachika pa foni kuti dziko lonse lione kuti mkazi wa kwa Mbewe amasambitsa amuna a eni. Chotsa msanga." Ndinawafunsa kuti achimwene, pamene nyumba yathu inagwa ndi mvula chaka chija, mwambo umenewu unatipatsa malata angati? Anadula foni.

Mwambowo ndimaudziwa, sindinabadwire ku Joni. Ndikudziwanso kukoma kwake munthu ukaweruka kumunda mkazi n'kugwada kuti madzi ndaika. Koma madzi amene mumandiikira ine ndi ena, a mumgolo ndi ena. A mumgolo ndi fizi ya Betty. Munthu wayenda kuchokera ku Lusaka, wagona m'galimoto masiku anayi kudikira mapepala, akununkha ngati mbuzi, kumugulitsa ndowa ya madzi ndi tchimo? Iwo m'golosale mwawo amagulitsa sopo kwa madalaivala omwewo. Kapena amaganiza kuti amakadya?

Malo amenewo bambo asanamwalire anandipatsa ine, achimwene alipo, akumva. Njerwa tinaumba awiri, inu ndi ine, inu muli ndi pakati pa Caleb. Sindichotsa kanthu. Vuto n'lakuti khoswe wakhala pa mkhate, iwo ndi ankhoswe athu komanso mkulu wa mpingo, ndiye mukawaona muziwapatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse, kenako muzikasonkheza moto wanu.

Mwapeza kale nyenyezi kwa anthu asanu ndi awiri. Wina wa ku Zambia walemba kuti, "Manzi yopya bwino, amai aulemu maningi." Ndinaseka ndekha m'takisi anthu mpaka kundiyang'ana.

Kuno ntchito ikuyenda, kungoti Mwitopiya wa shopu ya pa kona wandiuza kuti ndichotse chithunzi chake ndi dzina lake pa mapu, pangotsala dzina la shopu. Akuti pali anthu akuyenda ndi mafoni kufufuza mashopu a alendo. Kaya, mwina ndi mantha chabe.

Mtedza mukakumba musathamangire mavenda, mitengo ya Meyi ndi yakuba. Sungani mpaka Ogasiti.

Wanu,
Cyprian

Turffontein
18 Meyi 2025

Amake Betty,

Ndikhulupirira malungo a Caleb atha. Mankhwala amalize onse, asasiyire panjira chifukwa wayamba kusewera. Ine ndilipo.

Ndikudziwa kuti mwamva kale, a Mateyo akuti anakupezani maso ali ofiira, ndiye sindibisa. Inde, wina walemba zonyansa pa mapu pansi pa dzina lanu. Wadzitcha "Mboni ya Choonadi," wapereka nyenyezi imodzi, n'kulemba kuti: "Pano madzi ndi chiphimbamaso. Mayi wa pano mwamuna wake ali ku Joni, madalaivala akudziwa chimene amabwerera." Tsiku limenelo sindinadye. Ndinakwiya, amake Betty, ndinakwiya zedi.

Koma mboni yathuyi nzeru zinaithera panjira. Inaikaponso chithunzi cha mabafa anu chojambulira patali, ndipo m'mphepete mwa chithunzicho mukuoneka mzati wobiriwira ndi theka la njinga yopanda chishalo. Khonde la mzati wobiriwira pa msewu wonsewo ndi la ndani? Njinga ya achimwene imeneyo, chishalo chake ndinathyola ndine tili anyamata!

Ndikanatha kudandaula kwa eni mapu kuti afufute. Poyamba ndinafuna kutero, kenako ndinati ayi, akafufuta anthu adzati tabisa. Zikhale pomwepo, ndipo pansi pake ndayankha ndi dzina langa lonse. Muuze a Mateyo akuonetseni. Ndalemba chonchi: "Ine ndine Cyprian Mbewe, mwamuna wa Anastazia. Mabafa amenewa tinamanga awiri. Pano timagulitsa madzi otentha, sopo ndi kuchapa, ndipo mkazi wanga ndimamunyadira. Inu mwalemba izi simunasambepo pano, ndipo zikuoneka. Bwerani, ndowa yoyamba ndi yaulere."

Mwalemba kuti mwina tingosiya, kuti kumpingo amayi a chigwirizano akusuntha mukakhala nawo pa benchi. Zimenezo zandipweteka kuposa zolembazo. Ine ndili kutali, miseche ikugwera inu, ndikudziwa. Sindikukakamizani. Mukatopa nenani, ndichotsa tsiku lomwelo. Koma chikhale chifukwa inu mwatopa, osati chifukwa achimwene alamula. Amayi akusunthawo, tsiku limene Betty adzabwezedwe kusukulu palibe adzamasule mpango wake kuti atulutse ndalama ya fizi.

Nthawi yozizira yayandikira, makasitomala achuluka. Mupeze mgolo wachiwiri, ndipo a Esitele otunga madzi aja muwaonjezere malipiro asanakopedwe ndi ena. Ndatumiza malandi 500 okha, mwezi uno mashopu ena sanandilipire.

Cyprian

Joni
15 Juni 2025

Amake Betty,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikulemba mofulumira, a Mateyo injini yalira kale.

Ndasamuka ku Turffontein, ndikukhala kwa mnzanga wina wa ku Mavwere. Chifukwa chake ndidzakuuzani. Kukuzizira koopsa, ndipo kuno kulibe magetsi, ndikusamba madzi a pampopi ngati ndikulangidwa. Ine mwamuna wa mwini mabafa!

Achimwene apeza njira yatsopano. Pa mapu pali poti munthu aliyense angathe kunena kuti malo akutiakuti anatsekedwa. Katatu konse sabata ino ndadzuka n'kupeza palembedwa zofiira kuti Mabafa a Anastazia anatsekedwa mpaka kale. Katatu konse ndatsegula. Iwo akatseka ine nditsegula, tione atope ndani. Musade nkhawa, ndimayang'ana m'mawa uliwonse ndisanatsuke mkamwa.

Chondiwawa ndi ichi. Masiku ano ntchito yanga kuno yasanduka yofufuta. Amene ndinawaika pa mapu ndi manja angawa akubwera mmodzimmodzi, "Tichotse, m'bale, tichotse, asatipeze." Telala wa ku Zimbabwe, mayi wa saluni wa ku Congo, onse. Ndikuwachotsa, sindingawakanize, amenewa akuthawa moto weniweni. Nanga ife tithawe chiyani? Pakamwa pa a Benedict?

Mwitopiya uja yekha wasintha maganizo. Akuti ndibwezeretse dzina lake ndi chithunzi chomwe, watopa kubisala. Mawa ndikamujambulanso.

Akakuitanani ku bwalo la ankhoswe muwauze kuti mwini nkhani ali ku Joni, adikire.

Wanu,
Cyprian

Joni
24 Ogasiti 2025

Okondedwa amake Betty,

Ndili moyo. Ndiyambe ndi zimenezo poti ndamva kuti kumudzi ena amati ndafa, ena amati ndakwatira Mzulu. Pepani chifukwa cha miyezi iwiri ya chete. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, si Caleb walemba, ndine ndemwe, ndikulemba ndi dzanja lamanzere. Ndinagwa pa masitepe, lamanja lili m'bandeji. Foni inatayika tsiku lomwelo, pasipoti yomwe, ndipo popanda nambala yanga ija sindikanatha kulowa pa mapu. Kubwezeretsa simu popanda pasipoti kuno ndi nkhani ina.

Dzulo nambala ija yabwerera, ndalowa pa mapu, ndaona. Papita masabata ambiri palembedwa kuti munatseka. Mlonda anagona, achimwene anapambana. A Mateyo andiuza zonse: kuti madalaivala atsopano akungodutsa, kuti pena tsiku limatha ndi ndowa zitatu, kuti mgolo wachiwiri munagulitsa. Andiuzanso za bwalo lija, kuti anakukhazikani pansi pakati pa anthu, achimwene n'kunena kuti, "Ngakhale foni yavomereza kuti pano patsekedwa, mwini wake wathawa ndi manyazi, inu mukulimbikira chiyani?" N'kukupatsani mpaka kutha kwa Sepitembala kuti mugwetse mabafa, apo ayi mubwerere kwanu.

Ndipo akuti inu munayankha mutagwada bwinobwino, mwaulemu, kuti, "Ndamva alamu, koma ndipempheko ndinyamuke, ndasiya madzi pamoto."

Amake Betty! Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenako ndinalira, a Mateyo n'kuyang'ana kumbali. Ine ndimadzitama kuno kuti ndikumenya nkhondo pa foni, chonsecho nkhondo yeniyeni mukumenya ndinu, nokha, osadziwa ngati mwamuna wanu ali moyo. Moto simunazimitse ngakhale tsiku limodzi.

Ndayesa kutsegulanso koma pano zavuta. Poti pakhala potseka nthawi yaitali, eni mapu akufuna umboni kuti malowo alipodi ndipo mwini wake alipo. Ndikufufuza njira. Musagwetse ngakhale njerwa imodzi.

Ndalama ulendo uno palibe, ndisaname. Gulitsani matumba awiri a mtedza, mitengo yakwerako tsopano. Za Mwitopiya uja musandifunse.

Ine wanu,
Cyprian

Joni
14 Sepitembala 2025

Amake Betty,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Bandeji anachotsa, zala zitatu zikugwedezeka, ziwiri zikuchita mwano.

M'kaphukusi aka muli foni. Ndi yakale, galasi lake ndi losweka pakona, koma imajambula. Ndagulitsa jekete lachikopa lija, musandikalipire, kuno kwayamba kutentha. Imeneyi musakatchaje ku golosale, ngakhale kumwamba kugwe. A Esitele ali ndi sola.

Umboni akufunawo ndi vidiyo, ndipo ine sindingajambule ndili kuno. Iyenera kujambulidwa pamalo pomwepo, kamodzi, osadula, ndi mwini malo. Ndiye ndachita chimene ndinayenera kuchita kalekale: umwini wa mabafa pa mapu ndausamutsira kwa inu. Dzina ndi lanu, nambala ndi ya foni imeneyi. Ine ndatsala wongothandizira, ndipo tsiku lina mukadzakwiya nane mukhoza kundichotsa. Achimwene akhala akunena kuti ndi malo a mng'ono wawo, iwo ndiye olamula poti mng'onoyo kulibe. Tsopano akalankhule ndi mwini wake.

Mujambule chonchi. Muyambire pa msewu, muonetse mathiraki ali pa mzere kuti adziwe kuti ndi pa boda. Muyende pang'onopang'ono mpaka pa chikwangwani, mawu onse aoneke. Kenako mutulutse makiyi, mutsegule loko ndi dzanja lanu, mulowe, muonetse mgolo, ndowa, sopo. Loko ndiye wofunika kwambiri, poti wakuba kapena wodutsa sakhala ndi kiyi. A Mateyo akuonetsani podina, koma foni igwiridwe ndi inu.

Ndikudziwa kuti msewu umenewo umadutsa pa khonde lobiriwira lija. Mwina mufuna mujambule m'mamawa anthu asanadzuke. Zili kwa inu. Koma vidiyo ya mumdima amaikana, ndipo kunena zoona ine ndikanakonda dzuwa litakwera, golosale itatsegulidwa. Valani chitenje chabuluu chija.

Masiku atsala ochepa mwezi usanathe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amake Betty, ndipo kiyi ali ndi inu.

Cyprian

Joni
12 Okutobala 2025

Okondedwa amake Betty, mwini Mabafa a Anastazia,

Moni bwana. Ine wantchito wanu ndili bwino, kaya inu ndi ana.

Zofiira zija zachoka! Palembedwa zobiriwira, otsegula. Vidiyo munanditumizira ija ndaonera mpaka batire kutha. Munasankha Loweruka masana, tsiku la msika, inu! Ndaona mathiraki, ndaona amayi a chigwirizano ataima ndi madengu pamutu. Ndaona achimwene akutsika pa khonde n'kudzaima kutsogolo kwanu manja m'chiuno, akuti, "Mukujambula chiyani pa malo a kwa Mbewe?" Kenako mawu anu: "Pepani alamu, tasunthani pang'ono, mwatchinga dzina langa." Ndipo anasuntha! Pamaso pa msika wonse anasuntha. Eni mapu Chichewa samva, iwo anangoona loko akutseguka, koma ine ndinamva zonse.

Sepitembala watha, mabafa ali chiimire. A Mateyo akuti tsopano achimwene akuuza anthu kuti nkhaniyi idikire Cyprian, iye ndi amene adzaweruze mkazi wake. Chabwino. Auzeni kuti woweruza akubwera.

Ndikubwera, amake Betty. Kuno kwatha. Mashopu anga ambiri kulibenso, ndipo masitepe ndinakuuzani aja kunalibe. Ndinali m'shopu ya Mwitopiya uja ndikumujambula pamene anthu ofufuza mashopu a alendo aja anafika. Iye anatuluka wamoyo, shopu ayi. Zotsalazo tidzakamba maso ndi maso, ana atagona. Kalata yoyendera ndapeza ku ofesi ya kazembe, ndipo ndikwera ndi a Mateyo ulendo wawo wotsatira. Sindikubweretsa firiji, sindikubweretsa njinga yamoto. Anthu adzaseka kuti wa ku Joni wabwera ndi chikwama chimodzi. Aseke. Pa boda ponsepo, mpaka ku Boma, pali owotcha nyama, okonza matayala, ogulitsa zitenje amene sali pa mapu. Chala chimodzi chimakwana kugwira ntchito imeneyo.

Koma tsiku lofikalo musandikonzere madzi kunyumba. Ndikatsika thiraki sindilowera kumudzi. Ndidzaima pa mzere kumbuyo kwa madalaivala, thaulo paphewa, dzuwa lili pamutu, achimwene akuonera pa khonde lawo. Ikadzafika nthawi yanga ndidzalipira ngati wina aliyense, ndipo musadzandichotsere ngakhale tambala. Inu mudzanyamule ndowa mukaike m'bafa lachitatu, ndikaone ngati simenti ija munaikadi. Ndikadzatuluka ndidzawapatsa moni achimwene, ndi kuwakumbutsa kuti ndowa yawo yaulere ija ikadalipo. Chiweruzo changa ndi chimenecho, china ndilibe.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni, ndipo ichi chisapite pa mapu. Dzanja lija silikwera kupitirira phewa. Adokotala akuti mwina lidzasintha, mwina ayi. Kuyambira Juni sindinadzitsukepo kumsana. Ndiye madzulo ake, mukadzatseka loko, makasitomala onse atapita, mudzasiyeko madzi pang'ono mumgolo.

Ndine mwamuna wanu,
Cyprian